Lupanga ndi Matsenga: Mbiri ya Mafilimu a Ngwazi Zolimbana ndi Afiti

Mwa mitundu ya mafilimu imene inatchuka ku America ndi ku Ulaya m'zaka za m'ma 1900, ulipo umodzi umene akatswiri ounika kanema anauchepsa kwa nthawi yaitali ngakhale kuti oonera sanautaye, ndiwo umene m'Chingerezi umatchedwa sword and sorcery, kutanthauza lupanga ndi matsenga. Nkhani za mtunduwu zimachitikira m'dziko lopeka la makedzana, lopanda mfuti ndi makina, mmene munthu wodalira mkono wake ndi chitsulo chakuthwa amakumana ndi afiti, ansembe a milungu yoopsa, ndiponso zilombo zosapezeka m'nkhalango iliyonse yodziwika. Mtunduwu umasiyana ndi nthano zazitali monga The Lord of the Rings ya J. R. R. Tolkien, imene inasindikizidwa mu 1954 ndi 1955, chifukwa m'nthano zazitalizo dziko lonse limakhala pachiswe ndipo mafuko amasonkhana kuti agonjetse choipa chimodzi chachikulu, pamene m'nkhani ya lupanga ndi matsenga ngwazi imamenyera zazing'ono zoikhudza yokha, monga kubwezera imfa ya makolo, kuba mwala wamtengo wapatali, kapena kungotuluka ndi moyo m'manda amene yalowamo.

Mbiri ya ntchito yopanga mafilimuwa ikusonyeza kuti phindu la filimu yabwino ya mtunduwu linkachokera ku kulemera kwa zinthu zooneka pa kanema, ndiko kunena kuti woonera ankakhulupirira kuti lupanga likulemadi mkono wolinyamula, kuti chilombo chikupondadi nthaka, ndiponso kuti matsenga ndi chinthu chosowa chimene munthu sachigwiritsa ntchito popanda kulipira. Kulemera kumeneku kunabadwa mu umphawi wa olemba ndi m'kuleza mtima kwa amisiri ogwira ntchito ndi manja, ndipo pamene zinthu ziwirizi zinasowa, mafilimu anapitiriza kutuluka koma mphamvu yake inazilala.

Chiyambi m'magazini otchipa

Gwero la mtunduwu lili m'tauni yaing'ono ya Cross Plains m'chigawo cha Texas, kumene kunkakhala Robert E. Howard, mwana wa dokotala wa kumudzi, amene anabadwa mu 1906. Howard ankadya za m'cholembera chake pogulitsa nkhani ku magazini otchedwa pulp, dzina lochokera ku phala la mitengo limene ankapangira pepala lotchipa ndi lokhakhala la magaziniwo. Olemba ankalipidwa powerenga mawu, kawirikawiri pafupifupi senti imodzi pa liwu lililonse, ndipo woŵerenga amene nkhani sinamugwire mtima m'ndime zoyambirira ankangotembenuza tsamba, choncho wolemba wofuna kudya anayenera kuyamba ndi zochitika, kufupikitsa mafotokozedwe, ndi kumaliza nkhani mwazi usanazizire. Magazini imene inalandira ntchito zake zambiri inali Weird Tales, yokhazikitsidwa ku Chicago mu 1923, ndipo mkonzi wake Farnsworth Wright anasindikiza mu 1929 nkhani ya Howard yotchedwa The Shadow Kingdom, yonena za mfumu Kull ndi anthu anjoka odzisandutsa nduna zake, imene ambiri amaiyesa nkhani yoyamba yeniyeni ya lupanga ndi matsenga.

Conan, amene anadzakhala nkhope ya mtundu wonsewu, anaonekera koyamba mu December 1932 m'nkhani ya The Phoenix on the Sword, imene Howard anaiumba kuchokera ku nkhani ina ya Kull yomwe inali itakanidwa. Munthuyu ndi wa ku Cimmeria, dziko la mapiri ndi nkhungu, ndipo m'nkhani zosiyanasiyana amakhala mbala, msilikali waganyu, wachifwamba wa panyanja, kufikira atalanda mpando wa ufumu wa Aquilonia. Howard anaona ndi maso ake mmene kutulukira kwa mafuta kunasandutsira matauni abata a ku Texas kukhala malo a juga, ndewu ndi chinyengo m'zaka za m'ma 1920, ndipo m'makalata amene ankalemberana ndi mnzake H. P. Lovecraft ankaumirira kuti chitukuko ndi chinthu chosakhalitsa chimene chimaola kuyambira m'kati. Ndicho chifukwa chake m'nkhani zake mfiti imakhala munthu wa mumzinda, wophunzira, wodziwa mabuku akale ndi wokhala pafupi ndi mafumu, pamene wonyamula lupanga amakhala mlendo wochokera kutchire amene sakhulupirira aliyense wovala mkanjo. Oŵerenga a m'nthawi ya mavuto aakulu a zachuma amene anayamba mu 1929, amene ambiri anataya ntchito ndi ndalama chifukwa cha zochita za mabanki zimene sankazimvetsa, sanavutike kumva kukoma kwa nkhani imene mdani wobisika amatha kudulidwa ndi chitsulo. Howard anadzipha mu June 1936 ali ndi zaka 30, amayi ake atatsala pang'ono kumwalira, ndipo sanaone buku lililonse la Conan litasindikizidwa.

Dzina ndi chithunzi

Olemba ena anatenga njira imene Howard anailambula, ndipo pakati pawo panali C. L. Moore, mayi amene mu 1934 anayambitsa nkhani za Jirel wa ku Joiry, mkazi wankhondo, ndiponso Fritz Leiber, amene nkhani zake za abwenzi awiri Fafhrd ndi Gray Mouser zinayamba kutuluka mu 1939. Komabe mtunduwu unakhala wopanda dzina kufikira mu 1961, pamene wolemba wa ku Britain Michael Moorcock anapempha kudzera m'kamagazini ka okonda nkhanizi kotchedwa Amra kuti papezeke dzina, ndipo Leiber ndiye anapereka mawu awiri amene akugwiritsidwa ntchito mpaka lero. Dzinalo linagwira msanga chifukwa limatchula mbali ziwiri zolimbana, china chogwirika ndi manja ndi china chosagwirika.

Chimene chinafikitsa Conan kwa anthu miyandamiyanda chinali chithunzi. Kuyambira mu 1966 kampani ya Lancer inasindikizanso nkhani za Howard m'mabuku otchipa a chikuto chofewa, mokonzedwa ndi L. Sprague de Camp ndi Lin Carter, ndipo zikuto zambiri anazijambula Frank Frazetta wa ku Brooklyn. Pa chikuto cha buku loyamba kutuluka, Conan the Adventurer, ngwaziyo yaima pamwamba pa mulu wa mitembo ndi mafupa, nsonga ya lupanga italoza pansi, nkhope ili mu mthunzi, thupi lili ndi zipsera, ndipo ikuoneka ngati munthu wotopa amene nkhondo yangomuthera kumene. Chithunzichi chinaphunzitsa opanga mafilimu mmene dziko lotere liyenera kuonekera, ndi mitundu yofiirira ya dothi ndi moto, ndiponso matupi olemera ngati miyala. Kampani ya Marvel inayamba kutulutsa mabuku azithunzi a Conan mu 1970, olembedwa ndi Roy Thomas ndi kujambulidwa ndi Barry Windsor-Smith, ndipo masewera a Dungeons & Dragons, amene anatuluka mu 1974, anazoloweretsa achinyamata ambiri kudziyerekeza kukhala mbala, ankhondo ndi amatsenga, kotero kuti pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 khamu la oonera linali litakonzeka filimu isanajambulidwe.

Amisiri a zidole ndi amuna a minofu

Luso lojambula zinthu zosakhalako linali litakula padera, m'mafilimu otengedwa ku nthano zakale monga za Agiriki ndi za Aluya. Fritz Lang anamangitsa chinjoka chachikulu choyendetsedwa ndi anthu obisala m'kati mwake pojambula ku Germany Die Nibelungen ya mu 1924, ndipo The Thief of Bagdad ya mu 1940, yopangidwa ndi Alexander Korda, inapata mphoto ya Oscar chifukwa cha zozizwitsa zake zooneka. Koma mmisiri amene dzina lake linamatirira ku ntchitoyi ndi Ray Harryhausen, wobadwira ku Los Angeles mu 1920, amene anakopeka ali mnyamata ataonera King Kong ya mu 1933 ndipo pambuyo pake anaphunzira pa mapazi a Willis O'Brien, amene anayendetsa nyani wa m'filimuyo. Njira yawo imatchedwa stop motion, ndipo imatheka chifukwa kanema ndi mndandanda wa zithunzi zosayenda zimene zimadutsa pamaso pa woonera zokwana 24 pa sekondi iliyonse. Mmisiri amaumba chidole cha mphira chokhala ndi mafupa achitsulo opindika m'mfundo, amachijambula chithunzi chimodzi, amasuntha mkono kapena khosi pang'ono kwambiri, n'kujambulanso, ndipo akabwereza zimenezi kambirimbiri chidolecho chimaoneka chamoyo. Harryhausen anawonjezera njira yake yotchedwa Dynamation, imene inkaika chidole pakati pa zigawo ziwiri za chithunzi cha anthu enieni chojambulidwa kale, kotero kuti chilombo chinkaoneka chikudutsa kuseri kwa thanthwe lenileni ndi kutsogolo kwa munthu weniweni.

Chitsanzo chachikulu cha lusoli chili m'filimu ya Jason and the Argonauts ya mu 1963, pamene mfumu Aeëtes imwaza pansi mano a chilombo cha mitu yambiri chotchedwa Hydra, ndipo m'nthaka mumatuluka mafupa a anthu asanu ndi awiri, onyamula malupanga ndi zishango, kudzamenyana ndi amuna atatu. Ochita sewero anayamba aloweza mayendedwe onse a nkhondoyo pamodzi ndi anthu oimira mafupawo, kenaka anajambulidwa akutema mphepo yokhayokha powerenga masitepe, ndipo Harryhausen, amene ankagwira ntchito yekha m'chipinda chotsekedwa, anatha miyezi inayi ndi theka akusuntha mitu, manja ndi miyendo ya zidole zisanu ndi ziwiri kuti lupanga la chidole likumane ndi lupanga la munthu pa chithunzi choyenera. Masiku ena ntchito ya tsiku lonse sinkakwana ndi sekondi imodzi yomwe ya kanema. Zotsatira zake sizifanana ndi mayendedwe a chamoyo chenicheni, popeza zidolezo zimayenda modukizadukiza, koma kudukizako n'kumene kumazipatsa maonekedwe a chinthu chakufa chimene chadzutsidwa ndi mankhwala. M'filimu yomweyo chimphona chamkuwa chotchedwa Talos chimatembenuza khosi ndi phokoso la chitsulo chadzimbiri, chimasinthitsa lupanga m'manja kuti chitole ngalawa, ndipo pamene Jason atsegula chotsekera cha ku chidendene chake n'kutaya madzi a moyo wake, chimagwira pakhosi ngati munthu wobanika, mwakuti woonera amachimvera chisoni chilombo chopanda ngakhale maso oyenda.

Mbali ina ya cholowachi inachokera ku Italy, kumene Pietro Francisci anatulutsa mu 1958 filimu ya Hercules yokhala ndi Steve Reeves, katswiri wa ku America wa masewera okuza minofu. Itagulitsidwa kwambiri ku America m'chaka chotsatira, nyumba zojambulira za ku Rome zinatulutsa mafilimu ambirimbiri otere, amene anapatsidwa dzina lakuti peplum kuchokera ku chovala chachifupi cha Agiriki akale. Ambiri anali osalimba, koma anakhazikitsa mwambo wakuti thupi la wosewera likhoza kukhala chozizwitsa chachikulu cha filimu, ndipo mmodzi wa osewerawo, Reg Park wa ku England, amene anasewera Hercules m'filimu ya Mario Bava ya mu 1961 ndipo anakhazikika ku Johannesburg, ndiye anakhala chitsanzo cha mnyamata wina wa ku Austria dzina lake Arnold Schwarzenegger.

Zaka za zokolola: 1981 ndi 1982

Kupambana kwa Star Wars mu 1977 kunatsimikizira eni ndalama a ku Hollywood kuti nthano zopeka zikhoza kubweza chuma, ndipo patangopita zaka zinayi mafilimu a malupanga anayamba kutuluka motsatizana. Mu 1981 Harryhausen anatsazika ntchito ndi Clash of the Titans, John Boorman anatulutsa Excalibur, yojambulidwa m'nkhalango zonyowa za ku Ireland ndi zovala zankhondo zonyezimira zimene osewera ankavutika nazo m'matope, ndipo makampani a Paramount ndi Disney anagwirizana kupanga Dragonslayer. Filimu yotsirizayi ndi yofunika pa zifukwa ziwiri. Choyamba, Phil Tippett ndi anzake a ku Industrial Light & Magic anayendetsa chinjoka chake pogwiritsa ntchito njira yatsopano ya go motion, mmene timakina tolamulidwa ndi kompyuta timasuntha chidole pa nthawi yeniyeni imene kamera ikutsegula diso, kuti chithunzi chikhale ndi kachizimezime kamene kamaoneka pa chinthu chothamanga. Chachiwiri, nkhani yake ndi yowawa kuposa mmene oonera mafilimu a Disney ankayembekezera, popeza mfumu ya dzikolo imagula mtendere popereka anamwali kwa chinjoka mwa maere, ndipo mwana wake wamkazi atazindikira kuti dzina lake silinkaikidwamo, amalemba dzina lake pa maere onse n'kupita kukafa.

Filimu imene inakhala muyeso wa mtundu wonse ndi Conan the Barbarian, yotuluka ku America mu May 1982. Edward R. Pressman ndiye anayamba kuisakira ndalama atamuona Schwarzenegger, amene anadzasewera Conan, m'filimu ya Pumping Iron ya mu 1977, ndipo Oliver Stone analemba sewero loyamba limene linaika nkhaniyo m'tsogolo, dziko litawonongeka, ndi magulu a zilombo zosawerengeka zimene zikanadya ndalama zosaneneka. Dino De Laurentiis atalowa m'ntchitoyo, John Milius anapatsidwa udindo wotsogolera ndipo analembanso sewerolo, n'kuchotsamo zilombo zambiri ndi kubwezera nkhaniyo ku makedzana. Anajambulira ku Spain, m'nkhalango za kufupi ndi Segovia, pakati pa miyala yodabwitsa ya ku Cuenca ndi m'chipululu cha Almería, pa ndalama pafupifupi madola 20 miliyoni, ndipo Ron Cobb, amene anakonza maonekedwe a zinthu, anamanga nyumba, akachisi ndi zipangizo ngati kuti akufukula chikhalidwe chimene chinakhalapodi, chilichonse chokhala ndi ntchito yake yomveka.

Gawo loyamba la filimuyi likusonyeza bwino lomwe chimene mtunduwu umachita ukakhala pa mphamvu zake. Limayamba ndi chipala, pamene bambo wa Conan akupanga lupanga, ndipo ngakhale osula enieni amanena kuti lupanga lachitsulo silithiridwa m'chikombole monga filimuyo ikusonyezera, woonera amatsala atamva kutentha ndi kulemera kwa chidacho. Kenaka okwera pa akavalo amagwera mudzi m'chipale chofewa, bamboyo amaphedwa, ndipo mayi amaima ndi lupanga m'dzanja limodzi atagwira mwana ndi linalo, kufikira mtsogoleri wa adaniwo, Thulsa Doom, amene anaseweredwa ndi James Earl Jones, amuyang'ana m'maso mwakachetechete mpaka mkono wake utagwa. Kamera siisonyeza kudulidwa kwa mutu mwachindunji, imangokhala pa mwanayo pamene dzanja la amayi ake likupulumuka m'dzanja lake. Mwanayo amamangiriridwa ku chimphero chachikulu chokankhidwa ndi akapolo, ndipo zaka zimadutsa m'zithunzi zochepa za miyendo yozungulira, akapolo ena akutha mmodzimmodzi, kufikira wotsala yekhayo atadzutsa nkhope ali mwamuna wamkulu. M'gawo lonseli mawu olankhulidwa ndi ochepa kwambiri, ndipo ntchito yofotokoza inasiyidwa kwa nyimbo za Basil Poledouris, zoimbidwa ndi gulu lalikulu la zoimbira ndi kwaya ku Rome, zimene zimanyamula filimuyo monga mmene ng'oma imanyamulira gule.

Matsenga m'filimuyi amaoneka mwa apo ndi apo, ndipo nthawi iliyonse amasiya bala. Thulsa Doom amasanduka njoka kamodzi kokha, amawongola njoka ina n'kuiponya ngati muvi, ndipo pamene Valeria, mkazi wankhondo amene anaseweredwa ndi Sandahl Bergman, apempha mizimu kuti imubwezere Conan wotsala pang'ono kufa, amalonjeza kulipira yekha, ndipo muvi wanjokawo ndiwo umadzatenga malipirowo. Mphamvu yaikulu ya mfiti Thulsa Doom ndi yolamulira mitima, pakuti ili ndi khamu la achinyamata ovala zoyera amene amadziponya kuphompho ikangowakodola, chinthu chimene oonera a mu 1982 sakanalephera kuchigwirizanitsa ndi imfa za otsatira a Jim Jones oposa 900 ku Guyana mu 1978. Pa mapeto Conan amadula mutu wa Doom pa makwerero a kachisi ndi chotsala cha lupanga la bambo wake, ndipo khamulo limazimitsa miuni yake m'madzi n'kubalalika popanda nkhondo ina.

Kuchuluka ndi kuzilala

Ndalama zimene Conan inabweretsa, pamodzi ndi za The Sword and the Sorcerer ya Albert Pyun imene inatuluka kutatsala milungu yochepa kuti Conan ituluke, zinakopa otsanzira ambiri, ndipo kufala kwa makaseti a vidiyo obwereketsa kunawapatsa msika umene sunkafunsa za ubwino wa filimu malinga chikuto chikhale chokopa. Ku Italy Joe D'Amato anatulutsa Ator mu 1982 ndipo Lucio Fulci anatulutsa Conquest mu 1983, pamene Roger Corman anatumiza anthu ake ku Argentina kukajambula Deathstalker ndi ena otsatira, amene nthawi zina ankabwerekana zigawo zojambulidwa kale kuti asawononge ndalama. Ena mwa mafilimu a nyengoyi anapeza moyo wachiwiri, monga The Beastmaster ya Don Coscarelli ya mu 1982, imene sinachite bwino m'nyumba za kanema koma inaonetsedwa kambirimbiri pa wailesi za kanema za ku America mpaka inaloweka m'mitu ya ana a m'badwo umenewo. Ambiri anangotenga khungu la mtunduwu, ndilo mwamuna wosavala malaya, mkazi wogwidwa ndi mfiti yoseka mokweza, osatenga kuleza mtima kumene kunapanga mafupa a Harryhausen kapena chimphero cha Cobb.

Makampani aakulu nawo analakwa mwa njira ina pofuna kukopa ana. Conan the Destroyer ya mu 1984, yotsogoleredwa ndi Richard Fleischer ku Mexico, inachepetsa mwazi ndi kuchulukitsa nthabwala ndi zilombo, ndipo Red Sonja ya mu 1985 inalephera pa msika ngakhale inali ndi Schwarzenegger ndi nyimbo za Ennio Morricone. Krull ya mu 1983, imene inadya ndalama zambiri m'nyumba zojambulira za Pinewood, sinabweze zimene inawononga. Pofika mu 1988, pamene Willow inasonyeza kompyuta ikusandutsa nyama ina kukhala ina pamaso pa oonera, ndiponso mu 1993, pamene Jurassic Park inatsimikiza kuti chilombo chikhoza kupangidwa popanda chidole choyendetsedwa ndi manja, ntchito ya amisiri akale inali italowa dzuwa. Mtunduwu unasamukira ku wailesi ya kanema, m'masewero monga Xena: Warrior Princess ojambulidwa ku New Zealand kuyambira mu 1995, ndipo pamene Peter Jackson anatulutsa The Lord of the Rings pakati pa 2001 ndi 2003, nthano yaitali ya dziko lonse ndiyo inatenga malo. Conan the Barbarian yatsopano ya mu 2011, yokhala ndi Jason Momoa, inali ndi ndalama ndi makompyuta amene Milius sanawalotepo, koma inalephera, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti mwazi ndi zilombo zopangidwa pa kompyuta zinkabwera mosalekeza mpaka palibe chimene chinkaoneka chodula.

Zoyenera kuyang'ana ndi zoyenera kudzudzula

Mbiri imeneyi ikupereka miyeso imene woonera wa lero angayesere filimu yakale ya mtunduwu. Filimu yolimba imadziwika ndi nkhani yaing'ono yomveka, imene cholinga cha ngwazi chikhoza kunenedwa m'chiganizo chimodzi, ndi malo enieni mmene fumbi, chisanu ndi thukuta sizinachite kupentedwa, ndiponso ndi mdani amene mphamvu yake ili ndi malire ndi mtengo. Imadziwikanso ndi kudekha, pakuti mafilimu abwino a nyengoyo ankalola kamera kukhala pa munthu woyenda m'chipululu kapena wonola lupanga usiku wa nkhondo, kotero kuti nkhondoyo ikafika woonera amakhala ataidikira. Zolakwika za luso, monga mzere wooneka m'mphepete mwa chidole kapena njoka yamakina yoyenda mwaulesi, sizichotsa phindu limeneli, chifukwa diso limazindikira kuti pali chinthu chenicheni chimene kuwala kunachigunda.

Mtunduwu uli ndi zipsera zimene mbiri yoona siyenera kuzibisa. Nkhani za Howard zili ndi maganizo a tsankho a ku Texas wa m'nthawi yake, mmene anthu akuda kawirikawiri amaonetsedwa ngati khamu loopsa lopanda nkhope, ndipo mafilimu ambiri otsanzira anasandutsa akazi kukhala katundu wolandidwa ndi kuvulidwa. Mayankho amphamvu anachokera m'kati mwa mtundu womwewo. Charles R. Saunders, wolemba wakuda wobadwira ku America amene anakhazikika ku Canada, anatulutsa mu 1981 buku la Imaro, lonena za ngwazi ya m'dziko lopeka lotchedwa Nyumbani, loumbidwa kuchokera ku mbiri ndi zikhalidwe za Africa, ndipo njira imene anaitsegula inadzatchedwa sword and soul, kutanthauza lupanga ndi mzimu. Valeria wa Bergman, amene amamenya nkhondo mofanana ndi amuna ndi kusankha yekha imfa yake, anasonyezanso kuti chimango cha nkhanizi chikhoza kunyamula zoposa zimene otsanzira anaikamo.

Harryhausen sanalandirepo Oscar pa filimu iliyonse mwa zimene anapanga, ndipo bungwe lopereka mphotozo linadzamupatsa ulemu wapadera mu 1992, patatha zaka 11 chisiyireni ntchito. Anamwalira ku London mu 2013, koma zidole zake zambiri zinasungidwa ndi bungwe limene iye ndi mkazi wake Diana anakhazikitsa, ndipo zimaonetsedwa m'nyumba zosungiramo zinthu zakale, kumene anthu amadabwa kupeza kuti mafupa amene anaopsa mibadwo itatu ya oonera ndi aafupi kuposa mkono wa munthu kuchokera pa chigongono kufika ku zala.